Bokosi la zipolopololo lisiyeni kaye, yambani mwayesa mfuti

Achimwene, mwafunsa ngati mungangonyamula mfuti ziwiri zomwe apongozi anu akupatsani, ya .30-06 ndi ya gogodela ija, pamodzi ndi zipolopolo zomwe anadzaza okha kalekale, n'kulowa nazo m'tchire nyengo yosaka agwape ikatsegulidwa kuno ku Pennsylvania, ku America. Chonde musatero.

Ngati pabokosipo sanalembe mtundu wa wonga ndi muyeso wake, zipolopolozo musaziombe. Simudziwa zomwe zili m'katimo, ndipo wonga ukachuluka mfuti imaphulikira kumaso kwa mwini wake. Chaka chino gulani za m'sitolo za 150 grain (umenewu ndi muyeso wa kulemera kwa chipolopolo). Mukadzafuna kudzaza nokha, pezani buku la miyeso ya wonga la kampani ya Lyman kapena ya Hornady, muyambire muyeso wotsikitsitsa n'kumakwera pang'onopang'ono.

Nyengo ya mfuti wamba imayamba Loweruka lotsatira Thanksgiving, chikondwerero chothokoza cha kumapeto kwa Novembala, ndiye kumalo oyesera mfuti pitani mu Okutobala. Mangitsani zomangira za scope, galasi lolozera la pamwamba pa mfuti, muombe katatu pa mayadi 100, mpope uzizire, muombenso. Zipolopolo zoyeserazo zikhale zomwezo zomwe mudzasakire. Apa ndimalimbikira chifukwa zinandichitikira. Chaka changa chachiwiri sindinayese, osadziwa kuti scope inali itakhwepa. Gwape ndinamulasa m'mimba m'malo mwa kuseri kwa phewa. Tinalondola magazi mpaka mdima, osamupeza. Nyama ija inakafera kutali ndi ululu chifukwa cha ulesi wanga, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Tsopano ya gogodela. Kumudzi agogo athu ankangothira wonga ndi maso, koma inu yesani ndi kachikho kake nthawi zonse. Muziika wonga wakuda wokhawokha. Wa zipolopolo zamakono, wosatulutsa utsi uja, ungang'ambe mpope. Musanachite chilichonse, lowetsani ndodo yogogodera muone ngati apongozi sanaisiye yodzaza kale, chifukwa zotere zimachitika kwambiri. Mukadzaza bwino, dindani chizindikiro pandodopo kuti muzidziwa pomwe imalekezera mfuti ikakhala yodzaza. Mpira wa mtovu uzifika pawonga penipeni, pasatsale mpata. Ikakana kulira, isiyeni italoza kutsogolo kwa mphindi yathunthu, poti nthawi zina moto umachedwa kugwira. Mukaomba, itsukeni ndi madzi otentha tsiku lomwelo, muiumitse, muipake mafuta, apo ayi dzimbiri lidya mpope.

Ngati ndi ya mwala wothetheka, muli ndi mwayi, chifukwa Pennsylvania ili ndi nyengo yakeyake ya mfuti zotere Khirisimasi ikangodutsa. Kumazizira koopsa ndipo chinyezi chimanyowetsa wonga wa m'kambale koyatsira moto, choncho muziusintha pafupipafupi.

Laisensi yoyamba sapereka musanachite maphunziro a ulenje a Pennsylvania Game Commission, bungwe la boma loyang'anira zosaka nyama, ndiye lembetsani msanga. Gulaninso chipewa ndi chovala cha mtundu wa olenji wowala, lamulo limafuna chizioneka kumutu, pachifuwa ndi kumsana.