Musachedwe ndi pepalalo, ine ex parte inandidyera boti

Achemwali, ndaona pepala la chiletso cha kukhoti mwajambulalo, la mawu akuti ex parte ndi inter partes, ndipo thupi langa lachita tsemwe ngati ndi langa lomwe. Ndaphula ndiwo zisanapse kuti ndikulembereni. Amene akukuuzani kuti mlandu watha asakupusitseni. Sunathe. Ex parte yo ikungonena kuti jaji wamva mbali imodzi yokha, ya amene anakasumayo, inu kulibe. Inter partes yalembedwa m'munsimo ndiye yanu, tsiku loti mbali zonse ziwiri zikakhale pamaso pa jaji. Pezani deti yake pompano, muilembe pakhoma, kenako mupitirize kuwerenga zangazi.

Bambo a ana anga anatisiya mu April 2016. Anakhala ku Joni zaka zisanu ndi ziwiri, pobwera anakhometsa boti la matabwa, anagula injini ya Yamaha, ukonde wa chilimira ndi mabwato awiri a nyali. Ndi zimene tinkadyera, ife ndi mabanja a alovi athu. Arobaini, mwambo wa masiku makumi anayi a maliro, itangodutsa, mpunga wa sadaka usanathe n'komwe m'thumba, alamu anga, akulu awo a malemu, anatulukira ndi mnyamata wa tayi atanyamula envulopu ya khaki. Ine ndili mu eda, miyezi inayi ndi masiku khumi osachoka pakhomo, a kuno ku Mangochi mukudziwa. Anandisiyira pakhonde n'kumapita, ngakhale kufunsa kuti ana adzuka bwanji ayi. M'katimo munali chiletso chochokera kukhoti lalikulu ku Zomba, choti ine kapena aliyense wondigwirira ntchito asagwiritse ntchito boti, injini ndi ukonde mpaka nkhani itamvedwa inter partes pakatha masiku 14.

Chingerezi ndimawerenga ine, ndinafika fomu 3. Koma mawu amenewa sindinawaonepo m'buku lililonse. Anthu anandilozera abambo ena a pa boma, amene amayenda ndi chikwama cha mafayilo n'kumalembera anthu makalata, amati anagwirako ntchito kwa maloya m'tauni. Dzina sinditchula, Mulungu akuwadziwa. Anabwera kunyumba, ndinawaphikira tiyi wa mkaka, anavala magalasi, ananyambita chala n'kumatsegula mapepala pang'onopang'ono akupukusa mutu. Akuti mayi, apa zavuta. Ex mukuidziwa, ndi mkazi wakale. Khoti likuti poti amuna anu anamwalira, inu tsopano ndinu ex, pa chumachi mulibe gawo. Nditafunsa za inter partes anati zimenezo ndi za anthu odziwa malamulo okhaokha, inu khalani mu eda mwanu, ndikakuimirirani. Ndinawapatsa K20,000 ya thiransipoti, ndalama ya chipepeso cha maliro. Ku Zomba sanapondeko. Tsiku lija linadutsa ine ndikusenda chinangwa pakhonde. Jaji anaona mpando wanga uli wopanda munthu, ndiye chiletso chinapitirira.

Tsiku limene sindidzaliiwala linali mu August, mwera ukuomba, kutatsala masiku asanu ndi limodzi kuti eda ithe. M'mawa ndithu, ana akumwa phala, ndinamva wilibala ikulira panja. Alamu aja, anyamata awiri, ndi abambo a magalasi omwe aja, onse limodzi. Pamenepo mutu sunagwire kuti akudya mbali zonse, ndinkayesa abwera kudzanditeteza. Abambo a magalasiwo anatulutsa pepala lachiwiri n'kuliwerenga mokweza kuti ndi aneba omwe amve, akuti adjourned sine die. Ndiye anandiyang'ana n'kunena kuti mayi, die ndi kufa, ngakhale mwana wanu wa fomu 2 yu akudziwa. Khoti latseka nkhaniyi mpaka imfa. Ndinacheukira mwana wanga wachisamba kuti mwina atsutsa. Anawerama, n'kugwedeza mutu kuvomera, chifukwa die amamudziwadi kusukulu. Kuvomera kwa mwana wanga kuja ndi kumene kunandithyola mawondo, kuposa pepalalo.

Injini timasunga kuchipinda, itakolekedwa pa thabwa, nditaifunditsa chitenje changa chakale. Analowa ndi nsapato m'chipinda chimene mwamuna wanga anatsirizikira. Anaikweza pa wilibala chagada, mafuta akudontha kuyambira kuchipinda mpaka pakhomo. Banga la oyilo lija lilipobe pa simenti, ndakolopa ndi sopo wa mtundu uliwonse koma silichoka. Chitenje anachiponya pansi. Ine ndinagwira felemu ya chitseko, phazi limodzi lili panja lina m'nyumba, osadziwa ngati ndithyole eda ndiwathamangire kapena ndiime. Wamng'ono wanga, wa zaka zinayi, ndi amene anathamangira wilibala ija mpaka pamsewu akukuwa kuti ya ababa, ya ababa. Aneba anangosuzumira pa mpanda. Palibe anayankhula, poti aliyense anamva kuti ndi khoti lanena. Madzulo siginala wathu, wotsogolera alovi panyanja, anabwera, anakhala pa mkeka osandiyang'ana kumaso, n'kutsanzika kuti iye ndi anzake apeza bwana wina ku Makawa. Sindinawadandaule, nawo ali ndi ana.

Achemwali, die ameneyo si wa Chingerezi. Ndi Chilatini, ndipo ndi tsiku. Sine ndi popanda. Popanda tsiku, basi. Mlandu waimitsidwa osaika deti yobwererera, ndipo aliyense wa awirinu angathe kupempha khoti kuti liike tsiku. Ine ndinakhala chaka ndi miyezi ndikulira maliro a mlandu wamoyo. Komanso pepala loyamba lija linkanena zosunga status quo, kutanthauza kuti zinthu zikhale mmene zilili mpaka jaji atamva onse. Panalibe mzere ngakhale umodzi wopatsa alamu injini. Anaba masana dzuwa likuswa mtengo, atabisala kumbuyo kwa mawu awiri amene ankadziwa kuti m'mudzi monse palibe angawamasulire.

Alamu aja ndimawamvetsako pang'ono, dyera ndi matenda akale. Koma abambo a magalasi aja ndiye sindinawakhululukire mpaka lero. Munthu kumwa tiyi wa namfedwa, kulandira ndalama ya chipepeso, n'kumunamiza akumuyang'ana m'maso, mwana wake ali pomwepo. Ndimakumana nawo kumsika, chikwama chomwe chija kukhwapa, ndipo ndimadziwa kuti kwinakwake kuli mayi wina amene akuuzidwa kuti ndi ex. Anthu otere ndi oopsa kuposa wakuba wa usiku, chifukwa wa usiku sumuthokoza akamachoka.

Chinanditsegula maso ndi msonkhano wa za chuma cha masiye umene unachitikira pa sukulu ya kwathu, kumapeto kwa 2017. Kunabwera mtsikana wa paralegal, aja othandiza anthu pa za malamulo koma si maloya, wamng'ono woti ndingamubereke. Anthu atabalalika ndinamusonyeza mapepala anga, atachita kufiira ndi fumbi. Sanathe mphindi zisanu. Anangoti amayi, ndani anakuuzani kuti mlanduwu unatha? Ndi iye anandiuza kuti lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika mkazi ndi ana patsogolo, ndipo kulanda katundu wa masiye ndi mlandu woti munthu amangidwe nawo. Ananditumiza ku Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yopereka maloya kwa anthu osowa ndalama.

Loya wa kumeneko choyamba anafuna affidavit ya alamu. Nalonso ndi liwu la Chilatini, tanthauzo lake walumbira, ndi chikalata chimene munthu amalembamo umboni wake molumbira. Inuyo muifunefune, imayenera kubwera limodzi ndi chiletsocho, ndipo ndi mmene muli mabodza onse. Mwa alamu anga munalembedwa kuti boti ndi lawo, mng'ono wawo ankangowayang'anira. Za ine ndi ana anayi munalibemo, ngati malemu anafa ali mbeta. Loya anati apa ndiye pamene adzikola okha, chifukwa munthu akapita yekha kwa jaji amayenera kuulula zonse, ndi zomwe zomugwetsa. Anatchula uberrima fides, kunena zoona kotheratu, kosabisa kanthu. Ine ndinali ndi lisiti ya injini ya dzina la mwamuna wanga, ndinaisunga m'chitini cha mabisiketi pamodzi ndi pasipoti yake. Mu 2018 jaji anachotsa chiletso chija. Tsiku limenelo ndinamva mawu ena amene ndinawakonda, audi alteram partem, imvani ndi mbali inayo. Ndinati kani ndi zomwe zija amanena mafumu athu pabwalo, kuti mlandu sagamula mwini wake palibe.

Ndinawina, koma ndinawina chiyani? Mlandu suwola, inde, koma boti limawola. Zaka ziwiri lili pa mchenga dzuwa likuliwamba, matabwa anang'aluka moti dzanja limalowa. Chilimira makoswe anadya. Injini alamu anali atagulitsa kale kwa munthu wa ku Makanjira. Wogulayo ankadzitcha bona fide, kuti anagula ndi mtima woyera osadziwa kuti pali mkangano. Loya wanga anati pali lamulo lakale loti nemo dat quod non habet, munthu sangapereke chimene si chake, ndiye wogula kwa wakuba nayenso alibe umwini. Papepala zinali bwino. Koma injini inali itadutsa kale malire kulowa ku Mozambique, ukaifuna kwa ndani? Lero ndimagula usipa pa chigoba kwa anthu amene kale ankandipatsa moni wa abwana, n'kumayanika pa thandala la eni.

Zimandipwetekabe kuti mawu amenewa si athu, ndipo ngakhale eni ake anawataya. Malamulo athu a kukhoti anachokera ku England, anakhazikitsidwa kuno mu 1902 nthawi ya atsamunda, ndipo anabwera ndi Chilatini chake chomwe. A ku England anasintha mu 1999 n'kuyamba kulemba Chingerezi chomveka. Kuno nako malamulo a kayendetsedwe ka milandu kukhoti lalikulu a 2017 amati without notice m'malo mwa ex parte, sworn statement m'malo mwa affidavit. Koma pakamwa pa maloya Chilatini sichinachoke, si ichi chili pa pepala lanu. Nthawi ya mlandu wa chisankho cha 2019, umene chigamulo chake chinaperekedwa pa 3 February 2020, tonse makutu anali pa wailesi ndipo umboni unkamasuliridwa m'Chichewa. Ndi agogo omwe anadziwa kuti Malawi Law Society ndi Women Lawyers Association analowamo ngati amicus curiae, abwenzi a khoti. Ngati zinatheka pa mlandu waukulu chonchija, chingavute n'chiyani kulemba mizere iwiri ya Chichewa kapena Chiyao pansi pa pepala lopita kwa namfedwa, yoti bwerani tsiku lakuti mudzanene mbali yanu?

Ndiye inu chitani izi. Chiletsocho chimvereni kaye ngakhale chikuwawa, chifukwa kuchiphwanya ndi kunyoza khoti ndipo mutha kutsekeredwa, pamenepo adani anu aseka. Mukamva akuti ali ndi prima facie case musanjenjemere, akungonena kuti poyang'ana koyamba nkhani yawo ikuoneka ngati ili ndi mutu, inu musanayankhe. Pepala lanu musapatse munthu wa pansi pa mtengo. Amene akudzitcha loya, onani ngati dzina lake lili pa mndandanda wa maloya a ziphaso umene Malawi Law Society imatulutsa. Ngati ndalama palibe pitani ku Legal Aid mawa lomwe, kapena funsani loya ngati angakuthandizeni pro bono, ndiye kuti mwaulere. Ndipo pa tsikulo mukapezekeko nokha ndi miyendo yanu, loya akhalepo asakhalepo. Mukhoti muli womasulira, mukhoza kuyankhula chinenero chanu. Ngati muli mu eda ngati mmene ndinaliri ine, kafunseni ashehe, musangoganiza nokha kuti n'zosatheka. Ine sindinafunse.

Komabe ndikuuzeni zoona za mumtima mwanga. Ngati amene wakusumiraniyo ndi wachibale, yesetsani kuti zithere pakhomo. Itanani amjomba a mbali zonse, itanani amfumu, mukhale pansi, ngakhale mutaya theka. Chibale ndi fupa. Ana anga ndi ana a alamu aja amadutsana pa mlatho wa Bakili Muluzi ngati sadziwana, pa Eid aliyense kwawo, ndipo wachisamba uja mpaka lero amadziimba mlandu kuti ndi iye anavomereza die uja. Khoti limatha ndalama, limatha mapazi, ndipo chimene umabwera nacho kunyumba nthawi zina ndi pepala chabe. Ndikudziwa kuti kwa ine amfumu anakanika, alamu anakana kubwera pabwalo kawiri konse, koma mwina anu ndi anthu omva.

Zokambirana zikhalepo, koma deti ija isakudutseni muli pa mkeka. Chithunzi mwaikachi chaduka m'munsi, tsamba lachiwiri silikuoneka. Nditumizireni ku inbox ndikuonereni pamene pali tsiku ndi ola. Ngati ndi ku Zomba, dzukani ndi adhana ya m'bandakucha, minibasi zimachedwa kudzaza ndipo pa Liwonde mutha kusinthitsidwa galimoto. Malisiti tengani enieniwo, koma mujambulitse fotokope, ndipo enieniwo asachoke m'manja mwanu.