Za chingwe cha mapulagi awiricho, achimwene musayerekeze

Achimwene a ku Chibavi kuno ku Mzuzu amene mwafunsa za jenereta yanu ya 3kVA ija, kuti mnzanu wakuuzani mungopanga chingwe chokhala ndi pulagi mbali zonse ziwiri, ina ku jenereta ina pa soketi ya pabalaza, kenako magetsi akathima muzingotsitsa main switch basi nyumba yonse yayaka, ine ndikuti ayi, chimenecho chisiyeni. Ndaona m'makomenti ena akuti ife timatero kuchokera 2022 nthawi imene Cyclone Ana inaononga siteshoni yopangira magetsi ya Kapichira ija ndipo palibe chinachitika, sindikukana, mababu amayakadi, filiji imaliradi, koma vuto lake ndi loti chitetezo chonse chatsamira pa mutu wa munthu mmodzi kuti asaiwale kutsitsa switch, tsiku lililonse, usiku, mumdima, ali ndi tochi ya pafoni. Nanga tsiku limene inu mwapita ku maliro ku Ekwendeni ndiye walumikiza ndi mphwanu kapena mwana wa Form 2 amene amangoonerera mukamapanga?

Mukaiwala switch ija moto wa jenereta suthera m'nyumba mwanu, umatuluka kudzera pa mita, kukwera waya wopita pa polo, mpaka kukafika pa thiransifoma ya m'dera lanu. Ndiye thiransifoma ilibe nzeru yodziwa kuti moto ukuchokera kuti, imagwira mbali zonse. Ntchito yake ya masiku onse ndi kutsitsa ma volts 11,000 kuti afike 230 amene timagwiritsa ntchito m'nyumbamu, mukaipatsa 230 kuchokera kumunsi kuno iyo imakweza kubwerera ku ma sauzande aja pa waya wa pamwamba. Pamenepo n'kutheka pali munthu wa ESCOM ali pa polo ku Chibanja kapena ku Chiputula akulumikiza waya umene mtengo waugwera, anzake amuuza kuti lainiyo tazimitsa gwira ntchito, iye sakudziwa kuti kuli bambo wina akuonera mpira ndi jenereta. Ena amati kajenereta kakang'ono sikangakwanitse kudyetsa dera lonse kangothima kokha, inde nthawi zambiri kamatsamwadi, koma munthu kuti afe ndi magetsi safuna mphindi zisanu, kamphindi komweko kakwana. Ndipo ngakhale moto usafike pa thiransifoma, aneba amene muli nawo pa waya umodzi masoketi awo amakhala ndi moto iwo akuganiza kuti kwathima.

Kwinaku magetsi akabwera mwadzidzidzi jenereta ili chilumikizire, moto wa mbali ziwiri umagundana chifukwa sukuyendera limodzi, amene amagonja ndi jenereta yanu, mawaya a mkati mwake kupsa, AVR (kachipangizo kosunga ma volts a jenereta pa mlingo umodzi) kupsa, mwina ndi TV yomwe, mwinanso moto weniweni pa DB, bokosi lija la ma breaker logawa magetsi m'nyumba. Ndalama imene mumati mukupulumutsa ija mukaisiya kwa okonza ku Luwinga.

Komanso tangochiyang'anani chingwecho. Mapulagi athu ano ali ndi mano atatu achitsulo ali pamtunda, mbali imodzi ikalowa mu jenereta yoyaka mano a mbali inayo ali ndi 230 volts yosaphimba chilichonse. Mwana wokwawa akachikoka pakhoma, kapena mwapunthwa nacho mumdima chazuka, amene athamangire kuchitola ndi amene agwire manowo.

Chimene mukufunika ndi changeover switch, m'mashopu a zamagetsi m'tauni muno zimapezeka, mukangotchula dzinalo akudziwa. Ndi kabokosi kokhala ndi chogwirira chimodzi cha malo atatu, mbali ina ESCOM, pakati 0, mbali ina jenereta, ndipo kanapangidwa moti simungathe kuyatsa mbali zonse ziwiri nthawi imodzi olo mutafuna, kuti mufike ku jenereta mukuyenera kudutsa kaye pa 0. Ndiye nkhani yoiwala ija yatheratu, olo agogo akhoza kutembenuza. Onetsetsani kuti ikudula waya zonse ziwiri, live ndi neutral, osati live yokha, ndipo ngati nyumba yanu ili ya three phase ikhale ya four pole, yodula waya zonse zinayi. Ma amps ake agwirizane ndi main breaker yanu, nyumba zambiri za single phase anthu amaika ya 63A. Panja pakhoma aikepo inlet ya mtundu wa industrial ija ya buluu, yoti mano ali kukhomako ndipo chingwe chochokera ku jenereta mapeto ake ndi mabowo, palibe chitsulo cha moto choti munthu agwire. Muwauzenso akuikireni kababu kakang'ono mbali ya ESCOM, kamayaka magetsi akabwera, apo ayi muzingootcha petulo mpaka 11 koloko pamene aneba anayamba kale kuphika pa cooker kkkk.

Ntchito imeneyi apange munthu amene ali ndi laisensi ya MERA, mufunseni akuonetseni musachite manyazi, osati aliyense amene ali ndi tester ndi pliers m'thumba. Iyeyo ndi amene aonenso za earth, ngati ndodo ya earth ya nyumbayo ili bwino komanso mmene neutral ya jenereta yanuyo inalumikizidwira, chifukwa majenereta amasiyana pamenepa ndipo zikalakwika earth leakage, switch ija yodula magetsi moto ukamathawira pansi, singagwe pamene munthu akugwidwa ndi shoko. Mita ya ESCOM ndi ma seal ake asakhudze, zonse zichitikire mbali yanu ya mita. Ngati muli pa lendi kambiranani kaye ndi alandilodi asanabowole khoma.

Tsopano 3kVA yanuyo musaione kukula, mphamvu yeniyeni ndi cha m'ma 2,400 watts, ndipo kawirikawiri nambala yaikulu imene amalemba pa thanki ndi ya kanthawi kochepa osati yoyendera usiku wonse. Ketulo yokha imadya pafupifupi 2,000 watts, giza 2,000 mpaka 3,000, simbi yositira kuposa 1,000, ndiye mukudziwa kuzizira kwa Mzuzu mu June ndi July aliyense amafuna madzi otentha m'mawa, wina akangoyatsa giza jenereta igwada pomwepo. Bola amagetsi aja akugawireni DB kuti ku jenereta kupite mababu, masoketi a pabalaza ndi filiji basi, cooker ndi giza zikhale za ESCOM zokha. Filiji ikamayenda sidya zambiri koma polira koyamba imakoka moto kangapo kuposa pamenepo, ndiye muziyamba kuyatsa iyoyo kenako zinazo pang'onopang'ono. Poyatsa lizani kaye jenereta ikhazikike ndiye mutembenuze switch, pozimitsa bwezani kaye switch pa 0 ndiye muzimitse injini.

China chimene sindinaone wina atachitchula pano, jeneretayo muziyiika kuti? Kuno mvula simaona kalendala, imangowaza olo mu June, kuphatikiza akuba, ndiye anthu amalowetsa jenereta m'khitchini, mu garaja kapena pakhonde lotchinga n'kutseka chitseko. Utsi wake uli ndi carbon monoxide, mpweya womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula m'chipinda, sununkha, suoneka, mumangomva mutu, chizungulire, nseru, tulo, basi. Kutsegula windo sikokwanira. Ikhale panja mamita 6 kapena kuposa kuchokera pa mawindo ndi zitseko, ekizozi iloze kumbali, osati ku windo la aneba poti mapuloti a ku Chibavi tikuwadziwa kuthinana kwake. Owotcherera akupangireni kakhola ka zitsulo kofolera ndi lata pamwamba, m'mbali mopita mphepo, pansi simenti yokwera pang'ono kuti madzi asalowe, tcheni ndi loko. Wina m'nyumba akayamba kudandaula mutu jenereta ikulira, zimitsani, tulukani nonse panja, thamangani naye kuchipatala. Petulo musathire injini ili yotentha, idikireni izizire, ndipo zigubu zimene timasunga mafuta akamasowazi zisagone kuchipinda kapena pafupi ndi pophikira.

Ngati ndalama ya changeover ndi amagetsi palibe mwezi uno, gulani extension yolimba ya waya wonenepa yokhala ndi earth, ichoke ku jenereta panja kulowa m'nyumba, muzulepo filiji ndi TV pakhoma muzilumikize pa extension pomwepo, muonjezere mababu awiri a LED ndi matchaja a foni. Mawaya a nyumba musawakhudze mpaka switch ija itaikidwa.