Kuwonjezera lizi ya fulati ku England: tsiku la 9 Seputembala lisakupitirireni

Mayi wina wa kwathu amene amagwira ntchito ya unamwino ku Luton walemba kalata yodandaula. Mu Januwale, lizi ya fulati yawo itatsala ndi zaka 80 ndi miyezi 8, loya wawo adatumiza notisi kwa mwini nthaka yopempha kuwonjezera zaka, nanena kuti apereka £9,000. Yankho lidawafika pa 10 Malichi: mwini nthaka akuvomera, koma akufuna £17,000. Kuchokera apo nkhani ikungokokedwa. Saveya (katswiri woyesa mtengo wa nyumba) wa mbali inayo amayankha kalata imodzi pa mwezi, ndipo alamu awo akuwauza kuti asataye ndalama kukasuma, adikire lamulo latsopano lomwe akuti litsitsa mitengo. Akufunsa ngati adikire.

Mayi, musadikire. Tengani kalendala pompano muzungulize tsiku la 9 Seputembala.

Notisi yanu idatumizidwa motsatira gawo 42 la lamulo la 1993 lotchedwa Leasehold Reform, Housing and Urban Development Act. Lamulo limeneli limakupatsani ufulu wowonjezera zaka 90 pamwamba pa zimene zatsala, ndipo lendi ya nthaka imathera pomwepo. Mwini nthaka sangakane ngati muli oyenerera. Chimene angalimbane nacho ndi mtengo ndi mfundo za lizi yatsopano. Koma lamulo lomwelo lili ndi msampha umene ndawona ukugwetsa anthu ochenjera ndithu. Mwini nthaka akapereka yankho lake, ndipo miyezi 2 nkutha musanagwirizane, chitseko chimatseguka choti mukasume ku First-tier Tribunal, bwalo loweruza nkhani za nyumba, kuti iwo agamule mtengo. Chitseko chimenechi chimatsekeka pakatha miyezi 6, ndipo powerenga amayambira pa tsiku lenilenilo limene yankho lidaperekedwa. Nchifukwa chake ndikuti 9 Seputembala, osati 10. Tsiku limeneli likapita musanasume, lamulo limatenga notisi yanu ngati kuti mwaibweza nokha. Tribunal ilibe mphamvu yokuwonjezerani ngakhale tsiku limodzi, ndipo mawu okoma a saveya akuti "tatsala pang'ono kumvana" sayimitsa nthawi.

Zotsatira zake nzowawa katatu. Mudzalipirabe ndalama zimene mwini nthaka wawononga kwa loya ndi saveya wake pofufuza pempho lanu. Simudzaloledwa kutumiza notisi ina mpaka patapita miyezi 12. Ndipo apa ndi pamene pali nkhani yeniyeni: mtengo amauwerengera potengera tsiku limene notisi idaperekedwa. Ya mu Januwale ija idakupezani muli pamwamba pa zaka 80. Ina ya Seputembala wa chaka chamawa idzapeza lizi yanu itatsala ndi zaka 79. Lizi ikangotsika kufika zaka 80 kapena kucheperapo, pamabwera ndalama ina yotchedwa marriage value, kutanthauza phindu limene nyumba imapeza chifukwa lizi yatalika, ndipo theka la phindu limenelo limapita m'thumba mwa mwini nthaka. Ndiye dzifunseni, Mayi, kuti kuzengereza kwa saveya uja kukupindulira ndani. Sindikunena kuti akuchitira dala, poti mumtima mwake sindinalowemo, koma iye alibe chotaya nthawi ikatha. Wotaya ndinu.

Ndikukumbukira bambo wina amene adabwera ku ofesi kwanga ndi envelopu yodzaza makalata, onse ataikidwa mwadongosolo, yomaliza ikunena kuti kusiyana kwatsala mapaundi mazana ochepa chabe. Adakhala pampando akumwetulira, nkuti ndingowathandiza kumalizitsa. Nditayang'ana tsiku la yankho la mwini nthaka, miyezi 6 inali itatha sabata yapitayo. Ndidawerenga kawiri ndi chala pa kalendala, iwo akundiyang'ana. Panalibenso choti ndichite kupatula kuwafunsa ngati amene ankawayendetsera nkhaniyo adawachenjezapo za tsikulo. Zengerezu adalinda kwawukwawu, inde, koma bambo aja sanali aulesi. Adangokhulupirira kuti bola anthu akukambirana mwaulemu ndiye kuti zinthu zili bwino.

Za alamu anu. Ndikudziwa kuti akukufunirani zabwino, komabe malangizo a pa WhatsApp amenewa anditopetsa. Nzoona kuti mu 2024 nyumba ya malamulo idavomereza Leasehold and Freehold Reform Act, imene ikulonjeza zaka 990 m'malo mwa 90 komanso kuthetsa marriage value. Koma lamulo kuvomerezedwa ndi kuyamba kugwira ntchito nzinthu ziwiri zosiyana. Mbali ina idayambadi: kuchokera pa 31 Januwale 2025 munthu safunikiranso kukhala ndi fulati zaka 2 asanapemphe kuwonjezera lizi. Mbali ya mitengo, pamene ndikulemba pano, ikudikirabe malamulo ang'onoang'ono oikwaniritsa. Munthu amene lizi yake idatsika kale kufika zaka za m'ma 60 angaganize zodikira, ndipo sindingamunyoze. Inu ayi. Notisi imene muli nayo ilibe kale marriage value. Kuisiya kuti ithe mphamvu nkutaya chogwirika pofuna cholonjezedwa. Komanso auzeni alamuwo kuti iyi si lizi ya boma ya zaka 99 ngati ya puloti ya ku Area 49 ku Lilongwe. Kuno mwini nthaka nthawi zambiri ndi kampani imene malonda ake ndi omwewa.

Kusuma sikutanthauza kuti mwadana, ndipo sikuletsa kupitiriza kukambirana. Nkhani zambiri zimathera panja tsiku la mlandu lisanafike. Sindingakulonjezeni kuti tribunal idzagamula £9,000 yanu ija. Mwina idzagwera penapake pakati, kutengera umboni wa masaveya. Chimene kusumako kukuchitireni ndi kusunga notisi yanu yamoyo.

Imbirani loya wanu mawa m'mawa. Afufuze tsiku lenileni limene yankho lidaperekedwa, chifukwa lingasiyane ndi lolembedwa pamwamba pa kalata, ndipo akulembereni tsiku limene atumize pempho ku tribunal. Ine ndingakonde litapita Ogasiti asanathe. Mufunsenso ngati notisi yanu idalembetsedwa ku HM Land Registry, ofesi ya boma yosunga kaundula wa malo ndi nyumba, kuti mwini nthaka akagulitsa kwa wina, wogulayo amangidwe nayo. Mukadzamvana pa mfundo zonse musapumire, poti nthawi ina imayamba kuwerengedwa: miyezi 2 yoti lizi yatsopano isayinidwe, zikakanika miyezi 2 ina yoti mukasume ku khoti lotchedwa county court, ndipo iyinso ikapita notisi imafa chimodzimodzi.

Mwini nthaka akakuuzani kuti musiye za notisi mungomvana panokha, pepalalo liwerengedwe ndi loya musanavomere. Kawirikawiri zaka zimakhala zochepera 90, ndipo ngakhale lamulo la 2022 lidaletsa lendi ya nthaka pa zaka zowonjezerazo, lendi yakale itha kupitirira mpaka zaka za lizi yoyamba zitatha.

Mudatchulanso zoti mwina mugulitsa nkusamukira ku nyumba yokulirapo. Mukagulitsa nkhaniyi ili mkati, ufulu wa notisi usamutsidwire kwa wogula nthawi imodzi ndi fulatiyo, apo ayi umatayika. Pemphani msanga fomu ya LPE1, yofotokozera wogula za fulatiyo ndi zolipira zake, kwa oyang'anira nyumba, chifukwa amachedwa nayo ndipo amalipiritsa. Kumene mukagule, ngati ndi fulati inanso, onani zaka zotsala musanayang'ane khitchini, popeza mabanki amazengereza kupereka ngongole pa lizi yaifupi. Werengani ngati lendi ya nthaka imakwera kawiri pakapita zaka zingapo, ndipo funsani ngati kukubwera ntchito yaikulu monga kukonza denga: ikamapitirira £250 pa fulati iliyonse, gawo 20 la Landlord and Tenant Act ya 1985 limafuna kuti eni mafulati afunsidwe kaye. Bungwe la Leasehold Advisory Service limapereka uphungu woyambirira mwaulere, koma silikusumirani. Malamulo ndanenawa ndi a England ndi Wales, koma ku Wales milandu imeneyi imapita ku Leasehold Valuation Tribunal, osati First-tier Tribunal. Ku Scotland malamulo ndi ena.