Chidindo cha Rhodes-Livingstone m'buku la agogo: bungweli linapita kuti?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Mufakose, kuno ku Harare. Akuti posesa m'nyumba ya malemu agogo awo, omwe anabwera kuno kuchokera ku Machinga, anapeza buku lachingerezi lofotokoza za midzi ya Ayao, ndipo pachikuto pali dzina loti Rhodes-Livingstone Institute. Funso lawo ndi loti: bungweli linali la chiyani, ndipo lilipobe?

Mayi, lilipo ndithu, koma si kuno ku Harare, ndipo dzinalo analisiya kalekale. Lero lili ku Lusaka, pansi pa University of Zambia, ndipo limatchedwa Institute of Economic and Social Research, mwachidule INESOR. Ntchito yake ndi kafukufuku wa zachuma ndi za umoyo wa anthu.

Linakhazikitsidwa mu 1937 mumzinda wa Livingstone kuti lizifufuza za moyo wa Aafirika a m'chigawo chino, nthawi ya atsamunda, dziko la Zambia likadali Northern Rhodesia. Ndalama zoyendetsera zinkachokera ku maboma a atsamunda komanso ku makampani a migodi. Apa ndiye panali vuto, chifukwa mwini ndalama amafuna kumva zomukomera. Mkulu woyamba wa bungweli, Godfrey Wilson, anapita ku Broken Hill, komwe lero ndi Kabwe, n'kukhala pansi ndi anthu a mumgodi kufunsa malipiro awo, zimene amadya, zaka zomwe atha osaponda kumudzi. Anapeza kuti ambiri sanali alendo ongodutsa monga ankanenera azungu. Anali atakhazikika m'tauni, pomwe malipiro ankawerengedwa ngati a munthu wopanda banja. Eni migodi sanakondwe naye, ndipo mu 1941 anatula pansi udindo. Max Gluckman ndiye anatenga mpando, kenako Elizabeth Colson.

Buku lanulo n'kutheka ndi la Clyde Mitchell, yemwe anakhala pakati pa Ayao a ku Nyasaland chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940, buku lake n'kutuluka mu 1956. Iyeyu anadzakhalanso mkulu wa bungweli, ndipo mu 1955, nthawi ya Chitaganya, anasamukira kuno ku Salisbury, komwe lero ndi Harare, kudzaphunzitsa pa University College of Rhodesia and Nyasaland, yomwe lero ndi University of Zimbabwe ku Mount Pleasant. Ndiye musadabwe kuti bukulo linafika m'nyumba ya ku Mufakose.

Ine amandigwira mtima kwambiri ndi Jaap van Velsen, amene anafufuza Atonga a ku Nkhata Bay. Anthu ankati ulendo wa kumigodi ndi kumapulazi ukuphwasula midzi. Iye anaona zina: amuna opita kutali ankatumiza ndalama, ankasunga malo awo kumudzi, ndipo zimenezi zinkathandiza kuti mudzi usafe. Ife ana a machona tikudziwa kuti nkhaniyi ili ndi mbali ziwiri. Agogo anga anatumiza ndalama zaka zoyamba, kenako makalata anasiya, ndipo manda awo ali kunokuno.

Chinthu china chimene chimandiwawa n'chakuti ntchito yaikulu, yomasulira, yofunsa anthu khomo ndi khomo, yowerenga mabanja m'makomboni, inkagwiridwa ndi Aafirika othandizira. Pachikuto pamaoneka dzina la mzungu yekha.

Zambia italandira ufulu mu 1964, dzina la Rhodes silikanakhalanso. Bungweli linalowa mu yunivesite yatsopano ya dzikolo n'kukhala Institute for Social Research. Mu 1971 linasinthanso, kukhala Institute for African Studies, ndipo mu 1996 linatenga dzina la lero, lomwe likuika zachuma patsogolo.

Bukulo musalitaye, mayi, ndipo musalisiye pachinyezi. Tsegulani masamba omwe ali ndi zojambula za mibadwo ya m'midzi, muwerenge pang'onopang'ono pamodzi ndi achikulire a m'banja mwanu amene akukumbukirabe za ku Machinga. Mukapezamo chofanana ndi zimene agogo ankasimba, mundilemberenso.