Boti la mamita 4.5 ku Senga Bay: 40 HP yakale kapena 15 HP yatsopano?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa bambo wina amene wangopuma kumene pa ntchito ya uphunzitsi n'kubwerera kwawo ku Senga Bay. Iwo akuti: "Ndagula boti la faiba la mamita 4.5 kwa munthu amene amasamuka. Lilibe injini, mkatimo mulibenso kanthu. Ndikufuna ndizikawedza ndi mbedza, nthawi zina kutenga banja kukazungulira ku chilumba cha Namalenje. Wina akundigulitsa injini yakale ya 40 HP yochokera ku Mozambique pa mtengo wofanana ndi 15 HP yatsopano. Anzanga akuti nditenge yaikuluyo poti mphamvu siichuluka. Nditani? Nanga m'botimo ndiikemo chiyani?"

Bambo, zikomo kwambiri pondilembera musanatulutse ndalama. Ya 40 HP ija isiyeni. Anzanuwo akukufunirani zabwino, koma m'maso mwawo muli maboti a matabwa a chilimira, aja amanyamula alovi, ukonde wonyowa ndi mabwato awiri pamwamba. Boti lanu ndi lopepuka, ndipo pa boti lopepuka mphamvu imachuluka ndithu.

Tiyambe ndi kulemera. Injini ya 40 HP yosakaniza petulo ndi oyilo imapitirira makilogalamu 70, pamene ya 15 HP imakhala pafupifupi theka lake, cha m'ma 37. Onjezanipo thanki ya malita 24 kapena 25, ndiyenso inuyo mwini amene mukhale komweko mutagwira chiwongolero. Zonsezi zaunjikana kumbuyo kwa boti. Kumbuyoko kumamira, mphuno n'kuloza kumwamba moti simuona bwino zimene zili patsogolo. Choopsa chenicheni chimabwera mukachepetsa moto mwadzidzidzi, chifukwa funde limene mwapanga nokha limakutsatirani n'kulowera cha kumbuyo komweko. N'chimodzimodzinso pofika kumtunda kukakhala mwera: mafunde amaswekera kumbuyo kwanu, ndipo boti lomira kumbuyo limadzaza madzi ndi mafunde awiri okha. Yang'anani mkati mwa thabwa lakumbuyo, pomwe pamamangidwa injini. Maboti ambiri a faiba opangidwa ku fakitale amakhala ndi kachitsulo kolembedwa mphamvu ya injini yomwe botilo lingapirire komanso chiwerengero cha anthu. Nambala imeneyo musaidutse. Ngati kachitsuloko kanachoka, khalani pa 15 HP.

Pali chinanso chimene anthu amachiiwala pogula. Injini siigona kunyanja. Madzulo aliwonse muziichotsa n'kupita nayo kunyumba, apo ayi mudzapeza boti lokha m'mawa. Ya 15 HP mnyamata mmodzi amaisenza paphewa. Ya 40 HP imafuna anthu awiri kapena atatu, kupita ndi kubwera, tsiku lililonse limene mukufuna kulowa m'madzi. Ndaona maboti abwinobwino akungoola padzuwa chifukwa mwiniwake anatopa ndi ntchito yopempha anthu kuti amunyamulire injini.

Za mafuta ndiye musafunse. Pa moto wonse, 15 HP imamwa malita pafupifupi 7 pa ola, pamene 40 HP imayandikira 20. Ndi momwe petulo amavutira kuno nthawi zina, komanso ndi ndalama ya penshoni, kusiyana kumeneku ndi kumene kudzanene ngati mudzawedza kawiri pa sabata kapena kamodzi pa mwezi. Pa boti lanu 15 HP idzathamanga bwino muli awiri kapena atatu. Mukakhala ochulukirapo idzayenda pang'onopang'ono, koma Namalenje sali patali. Ngati kachitsulo kaja kakulola 25 HP ndipo mukudziwa kuti kawirikawiri muzikhala akuluakulu anayi, 25 HP ndi yabwino. Ya 9.9 HP sindingakulimbikitseni, chifukwa pa Yamaha kulemera kwake n'kofanana ndi kwa 15 HP, ndiye mungosenza katundu yemweyo mphamvu zili zochepa.

Tsopano tengani tepi, musanapite kusitolo iliyonse. Yezani thabwa lakumbuyo lija pakatikati, kuchokera pamwamba pomwe pakhale injini mpaka pansi penipeni pa boti. Mukapeza masentimita pafupifupi 38, mukufunika injini ya mwendo waufupi. Mukapeza pafupifupi 51, ya mwendo wautali. Pamwamba pa pulopela pali kachitsulo kophwatalala ngati phiko, ndipo kameneko kayenera kulingana ndi pansi pa boti kapena kutsikirapo pang'ono. Mwendo ukafupika, pulopela imatulukira kunja pa funde lililonse, injini imangolira osakankha, ndipo pampu yamadzi imakoka mpweya m'malo mwa madzi oziziritsa. Ukatalika kwambiri mumakhula mchenga ndi miyala, mafuta n'kumangopita. Ogulitsa ena amangokupatsani yomwe ili m'sitolomo, choncho pitani mutalemba nambala yanu papepala.

Muli pomwepo, liyeseni thabwalo ngati lili lamoyo. Ngakhale kunja kuli faiba, mkati mwake nthawi zambiri mumakhala pulayiwudi, ndipo madzi akalowera m'mabowo a mabawuti amaola mwakachetechete. Gogodani paliponse ndi chogwirira cha sikuludiraiva. Pabwino pamalira mouma, poola pamalira mofooka. Likankheni ndi mphamvu muone ngati likupindika, ndipo onani ngati m'mabowo mukutuluka madzi a bulauni. Likakhala loola, konzetsani kaye. Kumanga injini yatsopano pa thabwa loola ndi kuitaya m'nyanja.

Za mtundu wa injini, musamvere ine ndekha. Mawa m'mawa tsikirani padoko pamene maboti a usipa akubwerera, muwerenge ma injini amene ali pamenepo. Mupeza kuti ochuluka ndi Yamaha Enduro. Suzuki, Tohatsu ndi Mercury ndi ma injini abwino, sindikuwanyoza, koma funso ndi lakuti ikafa Lachiwiri masana, impela yake, kampira kopopa madzi oziziritsa, muipeza kuti, ndipo makaniko wa pansi pa mtengo uja anaitsegulapo? Enduro amaidziwa ngati chikhatho chake, ndipo sipeya akasowa ku Salima amapezeka ku Lilongwe, mtunda wa maola awiri okha. Ziliponso zaku China zotsika mtengo, zambiri zotengera kapangidwe ka Yamaha. Mukakopeka nazo, yambani mwamufunsa makanikoyo kuti ndi sipeya uti amene amalowana. Ma injini a four-stroke, osasakaniza oyilo m'petulo, amamwa mafuta pang'ono, salira kwambiri, ndipo sasiya utawaleza wa oyilo pamadzi. Zimenezi zimandikhudza, poti madzi omwewa ndi amene timamwa ndi kusamba. Koma ndi olemerako, okwera mtengo, ndipo ukawagoneka mbali yolakwika oyilo amalowa m'silinda. Kwa munthu woichotsa ndi kuisenza tsiku ndi tsiku, ndikanasankhabe two-stroke, ija yosakaniza oyilo m'petulo.

Mwina mtsogolo muno mudzapeza 15 HP yakale pa mtengo wabwino, ndiye ndinenepo za zakale. "Yochokera ku Mozambique" sizikwanira, funsani kuti Mozambique wake uti. Ya ku Metangula kapena Cobue yakhala m'madzi omwewa opanda mchere. Ya ku Nacala, Pemba kapena Beira yamwa mchere, ndipo mchere umadya njira za madzi mkati pomwe diso silifika. Muziona ufa woyera pansi pa penti yotupa ndi mabawuti okana kumasuka. Musagule injini imene simunaione ikulira m'madzi, kaya m'mgolo kaya panyanja. Igwireni kaye kuti mutsimikize kuti ndi yozizira, chifukwa ena amaitenthetseratu kuti ilire msanga. Ikalira, kamtsinje kamadzi kotuluka kumbuyo kazikhala kamphamvu. Masulani kasikuluwu kapansi pa giya bokosi mudonthetse oyilo pang'ono pachala. Akaoneka ngati tiyi wamkaka, madzi akulowa. Ndipo nambala ya injini ikhalepo, yogwirizana ndi mapepala. Ikakhala yopalidwa, chokanipo, imeneyo mwini wake akuifunafuna.

Mukagula yatsopano, werengani kabuku kake. Pa Enduro muyezo wake ndi 50:1, kutanthauza mamililita 100 a oyilo pa malita 5 a petulo, kapena theka la lita pa malita 25. Maola 10 oyambirira oyilo amawirikiza kawiri, 25:1, ndipo simuithamangitsa pa moto wonse nthawi yaitali. Oyilo akhale wa ma injini a pamadzi, wolembedwa TC-W3 pabotolo. Wagalimoto ayi, ndipo wongoyerekeza ndi maso ayinso. Pezani kabotolo koyezera, kakhale ka ntchito yomweyo basi.

Petulo wathu kuno ndi wosakaniza ndi ethanol, wina mwa iye amapangidwa pa Dwangwa pompa, ndipo ethanol amakoka chinyezi. Petulo wokhalitsa m'chigubu m'mphepete mwa nyanja amatenga madzi, madziwo n'kukakhala pansi pa thanki pomwe paipi imakokera. Sakanizani wokwanira masiku ochepa, muzisefa pothira, ndipo wogula m'mabotolo m'mbali mwa msewu mumuope. Injini ikati ikhale milungu osagwira ntchito, zulani paipi ya mafuta iliko ikulira, muisiye mpaka izime yokha kuti kabuleta itsale youma. Powerengera ulendo, gawani mafuta patatu: gawo lopitira, gawo lobwerera, ndi gawo losakhudza.

Adani awiri a injini ku Senga Bay ndi mchenga ndi ukonde. Impela ndi kampira kokhala ndi timapiko kamene kamapopa madzi oziziritsa. Mukalowa ndi injini ikulira mpaka pamchenga, kamameza mchengawo n'kutha timapiko. Mukailiza pouma, ngakhale kwa kanthawi kochepa, kamapsa. Zimitsani madzi akadali m'chiuno, kwezani mwendo, mumalize ndi nkhafi. Mukamayenda muzicheuka pafupipafupi kuona kamtsinje kaja, ndipo kakasiya zimitsani pomwepo. Nthawi zambiri ndi kabowo kokha katsekeka, kawaya kakang'ono kamatsegula. Ukonde nawo, makamaka uja wa ulusi woonekera, umakulungana kuseri kwa pulopela pomwe simuona, n'kudula mphira wotchinga madzi. Kamodzi pa mwezi chotsani pulopela, muchotse ulusiwo ndi kupaka girisi.

Tibwere m'botimo, ndipo apa ndipempha kuti ndalama zake muziike padera musanagule injini, chifukwa zikatsalira kumapeto sizigulidwa. Ma life jacket akhale okwanira munthu aliyense, ndipo a ana akhale a msinkhu wawo. Mwana akavala jekete la wamkulu, limamuvuka akagwera m'madzi. Azivala asanakwere, inunso muzivala, ngakhale munakulira kunyanja. Kusambira pagombe ndi kwina, kusambira mutavala zovala pakati pa mafunde mutagwira mdzukulu ndi kwinanso. Nkhafi zikhale ziwiri. Chokapira madzi mutha kudula chigubu cha malita 5, koma chimangirireni ndi kachingwe, poti boti likadzaza chimayamba kuyandama n'kuthawa ndi chomwecho. Kachotsekera ka bowo lotulutsira madzi kumbuyo kakhale ndi kanzake kapadera.

Nangula anthu amamuona ngati wongoimikira boti powedza, koma injini ikazima ndiye amakugwirani kuti mphepo isakutengeni. Amagwira bwino chingwe chikatalika kasanu kuposa kuya kwa madzi, ndiye pa mamita 6 mukufunika mamita 30. Gulani 40 kapena 50, muike unyolo wa mamita awiri pakati pa nangula ndi chingwe, ndipo muzimangirira kumphuno kwa boti, osati kumbuyo. Injini nayo imangirireni ku boti ndi chingwe china cholimba, chifukwa zomangira zake zimamasuka ndi kunjenjemera. Kachingwe kofiira kozimitsira injini kaja, kamene ambiri amangokakulunga pa chiwongolero, kazikhala padzanja panu. Mukagwa m'madzi kalibe, boti limazungulira lokha n'kubwerera pomwe muli, pulopela ikuzungulira.

M'kachidebe kotseka bwino muikemo mapulagi awiri atsopano ndi sipanala yake, pulayasi, sikuludiraiva, chingwe cholizira injini chapadera, mapini a pulopela, tochi ndi wezulo. Foni ikhale m'pulasitiki yotseka, yodzaza moto. Madzi akumwa ndi chipewa musaiwale.

Za malamulo, pitani ku nthambi ya boma ya Marine, yoona za maulendo a pamadzi, mukafunse za kulembetsa botilo, makamaka ngati tsiku lina mudzaganiza zonyamula alendo olipira, ndipo ku ofesi ya Fisheries akuuzani za chilolezo chowedzera. Zilumba za Maleri zili m'dera la Lake Malawi National Park, ndipo m'mamita 100 kuchokera pagombe lake simuloledwa kuwedza. Ku chilumba cha Mbenji kuli malamulo ake a mfumu Makanjira, amatseka usodzi nyengo ya mvula, ndiye musangotulukira.

Mwera umalimba kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ndipo a zanyengo akachenjeza pa wailesi, boti la mamita 4.5 lisalowe m'madzi. Nyengo ya mvula chimphepo chimatha kudzuka masana nyanja itayamba bwinobwino m'mawa, choncho muzilawirira n'kubwerako dzuwa lisanapendeke. Kufupi ndi mathiriro a mitsinje ngati Linthipe muziyenda mwatcheru chifukwa cha mvuu ndi ng'ona. Ulendo woyamba banja litsale kumtunda. Tengani msodzi mmodzi wodziwa malowo, muyende m'mbali mwa gombe, muphunzire kuliza, kuika giya yobwerera m'mbuyo, kuponya nangula ndi kufika pamchenga. Kunyumba muziwauza komwe mwalowera ndi ola lomwe mubwere. Mukayeza thabwa lija, nditumizireni nambala yake pamodzi ndi chithunzi cha kachitsuloko ngati kalipo, tione limodzi mwendo woyenera.