Kodi kuvina kungasunge mtsikana pasukulu? Yankho kwa aphunzitsi a ku Bangwe

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina amene amaphunzitsa sitandade 7 pasukulu ina ya pulayimale ku Bangwe. Apempha kuti dzina lawo lisatchulidwe. Ndaifupikitsa motere:

"Ndikufuna kuyambitsa gulu la atsikana ovina ndi kuchemerera matimu a pasukulu pathu, ngati zija timaona pa intaneti zomwe amati cheerleading. Atsikanawo akulifuna kwambiri. Koma a komiti ya sukulu ndi amayi ena a mother group akana, ati zimenezo ziphunzitsa ana uhule. Kwinaku mnyamata wina wa kubungwe wandiuza kuti magulu otere amathetsa mimba ndi maukwati a ana. Ine ndasowa chogwira. Kodi kuvina kungasinthedi moyo wa mwana, kapena ndingotaya nthawi yanga?"

Aphunzitsi, zikomo polemba. Liyambitseni gululo. Koma musaliyambe ndi mawu a mnyamata wa kubungwe uja, chifukwa iyeyo ndi amayi akukanawo alakwitsa pamalo amodzi: onse akukupatsa kuvina mphamvu imene kulibe. Kuvina pakokha sikupereka mimba ndipo sikuletsa mimba.

Tiyambe ndi vuto lenilenilo. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mwa amayi 100 alionse a zaka 20 mpaka 24, okwana 42 anakwatiwa asanafike zaka 18, ndipo mwa atsikana 100 a zaka 15 mpaka 19, okwana 29 anali atabereka kale kapena anali oyembekezera. Lamulo la maukwati la 2015 linaika msinkhu wokwatiwira pa zaka 18, ndipo mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko kuti atseke kampata komwe kankalola mwana wa zaka 15 kukwatiwa makolo akavomera. Lamulo lilipo. Chimene chimakankhira mtsikana kunja kwa kalasi sichinachoke: kusowa sopo, makope, yunifolomu, zovalira akakhala kumwezi, ndi bambo wa pagolosale amene ali nazo zonsezo.

Pafupi pompa, ku Zomba, akatswiri anayesa nkhaniyi mu 2008 ndi 2009 pa atsikana osakwatiwa a zaka 13 mpaka 22. Ena ankalandira kandalama mwezi ndi mwezi, iwo ndi makolo awo. Kumene ndalamayo inkabwera ndi lamulo loti mwana azipita kusukulu, kujomba ndi kusiya sukulu kunachepa. Kumene inkabwera yopanda lamulo, maukwati ndi mimba zinachepa. Ndalama italeka kubwera, zambiri mwa zabwinozo zinazilala. Ngati ndalama yeniyeni m'manja inalephera kusiya kusintha kokhazikika, musalonjeze komiti kuti kuvina kwa Lachiwiri ndi Lachinayi kudzachita zoposa pamenepo. Mukalonjeza, mtsikana mmodzi wa m'gulumo akadzatenga mimba gulu lonse lidzathera pomwepo, ndipo chala adzaloza inu.

Nanga ndikuti liyambitseni chifukwa chiyani? Chifukwa cha chinthu chimene inu mukuchidziwa kuposa ine. M'kalasi la ana oposa 100, monga aliri makalasi ambiri m'tauni muno, mtsikana amatha kujomba sabata yathunthu popanda wofunsa. Malo ake pabenchi kapena pansi amangotsekeka, mnzake wasendera. Akasowa mwezi, mumamva mphekesera kuti akugulitsa mandasi ku Limbe kapena anapita kwa azakhali ake kumudzi, ndipo panthawiyo madzi afika kale m'khosi. Pagulu lovina la atsikana 20 sizitheka. Mzere umakhala ndi mpata, amene amasinthana naye malo alibe wosinthana naye, sitepe yonse yasokonekera. Tsiku lomwelo anzake amafunsa kuti ali kuti, ndipo mawa lake wina wapita kale kwawo kukamuona. Mwanayo amadziwa kuti akasowa pali amene amusowe. Ine ndimaona kuti mphamvu ya magulu otere ili pamenepa, ndipo si yaing'ono. Mavuto a mtsikana amayamba ndi kujomba kwa masiku awiri atatu komwe palibe amene wakuona.

China ndi maola a pakati pa kuweruka ndi kulowa kwa dzuwa. Mayi ali kugeni kumsika, bambo ali kuganyu kapena kumafakitale a ku Makata kapena ku Chirimba, abwera kutada. Mwana wa zaka 13 amakhala yekha ndi ana anzake, zibanda zoonetsa mavidiyo, ndi anyamata a kabaza pasiteji. Kumupatsa malo oti azipezeka, pamaso pa munthu wamkulu wodalirika, n'kumuchotsera maola angapo oipa pa sabata. Kwaya ingachite zomwezo, mpira wa manja nawo ungachite. Kuvina kumaposa pa mfundo imodzi: sikufuna bwalo lolembedwa mizere kapena mpira wogula, ndipo kumakoka ngakhale mwana amene m'kalasi amakhala kumbuyo, amene dzina lake silimveka potchula okhoza. Ameneyo ndiye mukumufuna.

Ndiwonjezere za mawu. Mtsikana timamulera kuti aziyankhula motsitsa, maso pansi. Ulemu ndi wabwino, koma mwana amene sanakwezepo mawu pagulu zimamuvuta kukuwa tsiku limene afunika kukuwa. Kuchemerera kumamuimika kutsogolo, kumuuza kuti awerengere anzake mokweza, atsogolere nyimbo bwalo lonse limve. Thupi lake amayamba kuliona kuti ndi lake, lamphamvu, lotha kuchita zinthu.

Tsopano za amayi akukanawo. Musawaone ngati otsalira. Anthu a kuno akudziwa kuti kuvina kwa mkazi kwakhala kukugwiritsidwa ntchito ndi ena. Agogo athu ambiri anavina ngati mbumba nthawi ya Kamuzu. Ankasiya minda, geni ndi ana n'kukwera malole kukavina pa Kamuzu Stadium kapena kubwalo la ndege ku Chileka, ndipo kukana sikunali kophweka. Ena ankakondwera nazo, ena ankangopita chifukwa cha mantha. Zipani zambiri zitabwera mu 1994 mwambowo sunathe, unangosintha mtundu wa nsalu. Mpaka lero amayi amavina padzuwa kudikira bwana amene afike madzulo, mapeto ake n'kugawana nsalu ndi kandalama ka sopo. Kuvina kotere sikukweza wovinayo, kumakweza wokhala pampando.

Koma tilinso ndi mbiri ina. Beni wa ku Mangochi, Machinga ndi Zomba, malipenga a ku Nkhata Bay ndi mganda wa m'chigawo chapakati anafala nthawi ya atsamunda, makamaka itatha nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Anyamata anatenga perete wa asilikali n'kumusandutsa wawo. Anali ndi magulu awo, ku malipenga ankawatcha boma, okhala ndi mfumu, akapitawo, malamulo, chilango cha wochedwa, zovala zoyera zochapidwa bwino, ndi maulendo okapikisana ndi midzi ina. Amayi nawo anali ndi chiwoda ndi chimtali, mmene ankaimbiramo zowawawa, kudzudzula mwamuna woledzera kapena wankhanza pamaso pa mudzi wonse. Kumeneko eni gule anali ovinawo. Choncho pamene mukukonza gulu lanu, funso lalikulu ndi lakuti atsikanawa azivinira ndani. Lembani poyambirira pomwe kuti gululi silidzavina pamsonkhano wa chipani chilichonse, ndipo silidzatulutsidwa m'kalasi nthawi ya maphunziro kuti likalandire alendo. Kudzabwera anthu ndi ma T-shirt ndi malonjezo, makamaka nthawi ya kampeni. Zikakhala zolembedwa ndi kusainidwa ndi ahedi ndi a komiti, kukana kumaphweka. Atsikanawo asankhe okha kapitawo wawo, wosunga kaundula, ndi nyimbo zawo.

Za cheerleading yeniyeniyo, mungauze a komiti kuti inayamba ndi amuna. Mu 1898 pa University of Minnesota ku America, wophunzira wina dzina lake Johnny Campbell anaima kutsogolo kwa anthu n'kuwatsogolera kuchemerera timu yawo. Akazi anadzachuluka m'ma 1940, amuna atapita kunkhondo. Mu 2021 komiti yoyendetsa masewero a Olimpiki inavomereza kwathunthu bungwe la International Cheer Union, kutanthauza kuti ndi masewero odziwika ngati ena onse. Koma simukakamizidwa kutengera zonse za pa intaneti. Masiketi aafupi aja si lamulo la masewerowa. Ndikudziwa kuti nkhani ya zovala ili ndi zilonda kuno. Lamulo la 1973 linkaletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi mpaka linathetsedwa dziko likulowa m'ndale za zipani zambiri, ndipo mu January 2012 amayi anavulidwa m'misewu ya mizinda yathu chifukwa cha mathalauza, mpaka anzawo anasonkhana mu Blantyre muno kudzudzula nkhanzazo. Chovala sichinalakwirepo munthu, wolakwa ndi wochita chipongweyo. Komabe pano ine ndingagonje. T-shirt ndi kabudula wofika m'mawondo, kapena siketi yachitenje yokhala ndi kabudula mkati, yosoka telala wa pamsika wa Bangwe, ivinitsa bwino lomwe, ndi yotchipa, ndipo atsikana ambiri a msinkhu umenewo amamasuka nayo kuposa yaifupi. Afunseni eni ake, mumva.

Pamene simuyenera kugonja ndi pa chitetezo, ndipo apa mantha a amayi aja ali ndi maziko. Choopsa pagulu la atsikana kawirikawiri ndi munthu wamkulu amene ali nalo pafupi. Ngati mupeza mnyamata wodziwa kuvina kuti aziwaphunzitsa, asakhale nawo yekha ngakhale tsiku limodzi. Pakhale mayi wachiwiri nthawi zonse, ndipo ameneyo achokere ku mother group komweko. Wophunzitsa asamatumizirane mauthenga apafoni ndi mwana, nkhani zonse zizidzera kwa inu kapena kwa kholo. Muziweruka kukadawala, makamaka mu June ndi July pamene kumada msanga ndipo chiperoni chimaphimba phiri, ndipo ana azipita kwawo m'magulu malinga ndi kumene amakhala. Vidiyo ya ana isapite pa Facebook kapena TikTok makolo asanavomere, ndipo isatchule maina. Mwana aliyense adziwe nambala yaulere ya 116 yothandiza ana, ndipo inuyo mudziwiretu kumene kuli ofesi ya Victim Support Unit kupolisi ya kwanuko ndi One Stop Centre, malo othandizira ochitiridwa nkhanza, ya pachipatala cha Queen Elizabeth. Mukakhala pafupi ndi atsikana motere, tsiku lina wina adzakuuzani chinthu cholemera, ndipo muyenera kudziwa kopita naye.

Zoponyana m'mwamba ndi kukwerana pamapewa zisiyeni. Ku America komweko, kumene ali ndi mamatiresi ochitirapo ndi aphunzitsi ophunzira ntchitoyo, bungwe la madokotala a ana linachenjeza mu 2012 kuti masewerowa ndiwo ankabweretsa gawo lalikulu la kuvulala koopsa kwa mutu ndi msana pakati pa atsikana ochita masewero kusukulu. Bwalo lanu ndi dothi louma ndi miyala. Paja amati gule ndi aliyense, kulakwa n'kuthyola mwendo. Masitepe, kuwomba m'manja, kulumpha, kusintha mizere ndi nyimbo n'zokwanira kudzutsa bwalo. Muonetsetsenso kuti ana adyako kanthu. Amene wangomwa phala m'mawa sangathe maola awiri akudumpha.

Nkhondo yanu yaikulu idzakhala pa atsikana amene anabereka n'kubwerera kusukulu. Ndondomeko yowalola kubwerera ilipo kuyambira 1993, koma ambiri amabwerera n'kupeza kuti anzawo akuwanena ndipo makolo ena akuletsa ana awo kucheza nawo. Padzakhala mawu oti otere asalowe m'gulu, angaononge anzawo. Apa limbani mtima. Mtsikana amene wabwerera ndi mwana kumsana ndiye amene ali pafupi kwambiri kusiyanso sukulu, ndipo gulu limene lamutseka kunja lataya ntchito yake. Anyamata nawo musawathamangitse. Angapo alowe, aziimba ng'oma ndi kuvina, ndipo azimvera kapitawo wamkazi. Kuzolowera zimenezo ali ndi zaka 12 kudzawathandiza, iwo ndi akazi amene adzakhale nawo.

Ana adzakuuzani za Ghetto Kids, ana ovina a ku Kampala ku Uganda, amene anachoka kudera losauka la Katwe mpaka kukavina pa mpikisano wa pa kanema wa Britain's Got Talent mu 2023. N'zoona, ndipo musawaphere maloto. Koma amene amadya za kuvina ndi ochepa kwambiri, choncho lamulo likhale loti wojomba m'kalasi savina pamasewero a Loweruka. Musamuchotse m'gulu, azibwerabe kokonzekera, chifukwa kumeneko ndi kumene mudzamve chimene chikumujombetsa.

Mukabwerera ku komiti, musapemphe chilolezo cha mpaka kalekale. Pemphani teremu imodzi, masiku awiri pa sabata, pabwalo la sukulu pomwe aliyense angaone. Mayi amene anakana kwambiri uja mukamuone kunyumba kwake musanapite kumsonkhano, mumufunse gule amene ankavina ali mtsikana. Ku Bangwe kuli anthu ochokera ku Thyolo, Mulanje, Chiradzulu ndi Mangochi, simudzasowa wodziwa tchopa kapena beni. Mupempheni adzaphunzitse ana sitepe imodzi ndipo akhale mayi wachiwiri uja. Lembani masiku amene mtsikana aliyense wa m'gulumo anajomba teremu yapitayi, mudzafananitse ndi a teremu ikubwerayi, ndipo kaundulayo mudzapite naye ku komiti kaya manambala akomera inu kaya ayi.