Simunadumphe gawo lililonse, Unnamed Memory anachita kuithamangitsa

Achemwali, mwati mwamaliza season yoyamba ya Unnamed Memory koma nthawi yonseyi mumangomva ngati pali gawo lomwe lakudutsani, ndiye mukufunsa ngati vuto ndi inu kapena ndi anime yakeyo (katuni ya ku Japan). Khazikitsani mtima pansi, simunaphonye kanthu. Ine ndinayamba ndi mabuku ake, ndipo itayamba kuonetsedwa mu Epulo 2024 ndinkachita kusunga bandulo sabata iliyonse kuti ndiionere pa Crunchyroll, webusaiti yoonetsa anime. Pofika gawo lachitatu mtima unali utandipweteka kale.

Tiyambe ndi masamu ake. Nkhaniyi analemba ndi Kuji Furumiya, ndipo yaikuluyo ili m'mabuku 6. Situdiyo ya ENGI inatenga mabuku atatu oyamba n'kuwapanikiza m'magawo 12, ndiye kuti buku limodzi magawo anayi okha. Gawo lililonse ndi mphindi pafupifupi 24, mukachotsapo nyimbo yotsegulira ndi yotsekera mutsala ndi mphindi 21. Mabukuwo ndi onenepa, ndipo mkati mwake muli tinkhani tambirimbiri tolumikizana. Yerekezani ndi anime ina, Spice and Wolf yatsopano ija, yomwe inayamba mwezi womwewo: iyo inapatsidwa magawo 25 pa mabuku anayi, ndipo munthu umapuma nawo limodzi anthu awiri a m'nkhaniyo ali pa ngolo.

Komatu sindikufuna muganize kuti vuto ndi chiwerengero chokha. Anime ya Toradora ya mu 2008 inanyamula mabuku 10 m'magawo 25, ndipo mpaka lero anthu amalira nayo. Chachikulu ndi chimene wasankha kutaya pamene malo akuchepera. Apa ndi pamene Unnamed Memory inandikhumudwitsa.

Kumbukirani mmene nkhani imayambira. Oscar, mwana wa mfumu ya Farsas, ali ndi temberero loti mkazi aliyense amene angatenge pakati pake adzafa. Akwera nsanja ya Tinasha, mkazi wamatsenga amene wakhala ndi moyo zaka zoposa 400, n'kumupempha kuti akhale mkazi wake. Tinasha akana, koma avomera kukakhala kunyumba yachifumu chaka chimodzi ngati womuteteza. Chaka chimenechi ndiye mtima wa nkhani yonse. Owerenga umamva masiku akutha limodzilimodzi, Oscar akufunsira mosatopa, Tinasha akukana koma kukanako kukufewa pang'onopang'ono. Amafululira tiyi, amakangana pa zazing'ono, Tinasha amamuphunzitsa Oscar kumenyana ndi amatsenga mpaka kumukonzekeretsa kuti adzathe kumupha iye mwini ngati zitafunika. Mkazi amene wakhala yekha zaka mazanamazana sangatsegule mtima tsiku limodzi, ndipo bukulo limalemekeza zimenezo.

Anime inasunga zochitika, n'kutaya mipata ya pakati pa zochitikazo. Nkhondo ilipo, chilombo chilipo, chiwembu cha kunyumba yachifumu chilipo, koma zikungotsatizana ngati munthu akukuwerengera mitu ya nkhani pa wailesi. Vuto labuka, mphindi 10 latha, tili kale dziko lina ndi maina ena atsopano. Ngakhale nkhani ya Lanak, munthu amene anamupereka Tinasha nsembe ali mtsikana, chomwe chinagwetsa dziko lakwawo la Tuldarr, inadutsa ife tisanamve kulemera kwake. Ameneyo ndiye gwero la bala lonse la Tinasha, sanayenere kungodutsa ngati mlendo wopempha madzi.

Amene simunamalize, lekezerani pano kaye. Kumapeto kuja Oscar abwerera m'mbuyo mu nthawi kukapulumutsa Tinasha akadali wamng'ono, ndipo potero afafaniza zonse zimene awiriwo anamanga, ukwati wawo womwe. M'buku ndinatseka tsamba n'kukhala chete nthawi yaitali, chifukwa ndinali nditakhala nawo chaka chonse chija ndipo ndinkadziwa chimene chikutayika. Pa anime ambiri anangoti, "Aa, zatheka bwanji?" Sungalire maliro a chinthu chimene sunapatsidwe mpata wochikonda.

N'chifukwa chake anthu anagawikana. Owerenga mabuku anakwiya, chifukwa ankadziwa zimene zadulidwa. Ongoyamba kumene, ngati inuyo, anasokonezeka n'kumadzikayikira. Koma panalinso ena amene anaikonda ndithu, ndipo ine sindiwatsutsa. Oscar ndi Tinasha ndi anthu akuluakulu olankhulana mosabisa mawu, osati ana asukulu ochita manyazi magawo 12 asanagwirane dzanja, ndipo zimenezi n'zosowa mu anime zachikondi. Atsumi Tanezaki ndi Yoshiki Nakajima, amene anapereka mawu a awiriwa, anagwira ntchito yotamandika. Pamene zithunzi zikuthamanga, mawu awo ndi amene ankakukumbutsa kuti pali chikondi apa.

Ndaona ena m'gulu muno akunyoza ojambula. Tisamatero msanga. Ku Japan chiwerengero cha magawo chimagamulidwa ndi komiti ya makampani oika ndalama, kuphatikizapo osindikiza mabuku, ndipo nthawi ya pa TV imagulidwa m'zigawo za miyezi itatu. Ojambula amalandira mphika umene apatsidwa. Season yachiwiri ya mu Januwale 2025 inabwerezanso zomwezo, mabuku atatu otsalawo m'magawo 12, choncho musayembekezere kuti kumeneko liwiro latsika.

Ndiye pa funso lanu lina loti mupitirize kapena ayi, ine ndikuti pezani mabuku, a kampani yosindikiza mabuku ya Yen Press anawamasulira m'Chingerezi onse 6. Koma musayambire buku lachinayi poganiza kuti atatu oyambawo mwawaona kale. Yambani loyamba, tsamba loyamba, pamene Oscar akukwera nsanja. Mudzapeza kuti anthu ngati Lazar ndi Lucrezia, amene pa anime amangoonekera n'kuzimirira, ali ndi moyo wawo, ndipo mudzaona tsiku lenileni limene Tinasha anayamba kumuyang'ana Oscar mwa mtundu wina. Mukamaliza lachitatu mudzandiuze muno mmene mapeto aja akukhudzirani ulendo uno, ndikufunitsitsa kumva.